Njinga Sigona Pamchenga

Ife a kumtunda kuno madzi timawadziwa pang'ono chabe. Timadziwa Ruo akadzaza, timadziwa zithaphwi za m'minda ya tiyi, ndipo amene anafikako ku Chilwa amabwera akudzitama kuti aona nyanja. Koma kuli madzi ena kum'mawa uko, kumene Mozambiki amathera, madzi amchere a khalidwe lawolawo. Munthu wa ku Limbuli akafika kumeneko, ngakhale wa imvi, amasanduka mwana. Senderani pafupi, ndikuuzeni za Damiyano Khoviwa, amene anapitako yekha pa njinga.

Khoviwa anali wokonza njinga pamsika wa Limbuli. Manja ake anali aluso, koma pakamwa pake panali powawa. Akakumatira chubu ankakuwonjezera ulaliki waulere wa mmene ukuzunzira njinga yako. Lamulo lake lalikulu, limene mwana wake Lusiyano analiloweza asanaloweze katekisimu, linali ili: njinga sigona pamchenga. Mchenga umadya tcheni. Njinga umaiyedzamitsa pamtengo, n'kutchinga tayala lakumbuyo ndi mwala.

Lusiyano anali mwana mmodzi yekhayo wa Khoviwa ndi mkazi wake Felista. Atakwanitsa zaka makumi awiri anapempha njinga yakuda ya bambo ake kuti azikapikula nsomba zouma kunyanja yamchere ngati anzake. Bambo anakana, mwana anapemphanso, bambo anakananso. Tsiku lina m'bandakucha Khoviwa anadzidzimuka ndi kulira kwa belu, njinga itagunda kadzenje ka pachipata. Anatuluka wopanda malaya n'kukuwa mudzi wonse ukumva.

"Wakuba iwe! Bweza njinga yanga! Ukapita nayo usadzapondenso pakhomo pano!"

Madzi akatayika saoleka. Patatha miyezi isanu ndi itatu njinga ija inabwera, koma anaibweretsa munthu wina wogulitsa nsomba. Iyenso anachita kumva kwa ena. Anangoti mwanayo madzi anamutenga kwinakwake kupitirira Zalala, usanafike ku Pebane, ndipo thupi silinaoneke. Njinga yokha ndiyo inapezeka, yabwinobwino, yopanda ngakhale sipoko imodzi yothyoka.

Zaka zisanu ndi ziwiri zinadutsa m'nyumba muja dzina la Lusiyano osatchulidwa. Kenako Felista anayamba kudzuka pakati pa usiku n'kumafunafuna bulangete lina. Chakudya anachisiya, zitenje zinayamba kumuzungulira kawiri.

"Akuzizidwa," anatero usiku wina. "Tsiku lililonse ndikumuona ataima panja, zovala zili chonyowa. Sakulowa. Bambo a Lusiyano, mukamutenge mwana."

"Ndikamutenga bwanji munthu wopanda manda?"

"Kwathu munthu akafera kutali amakamutenga. Mukamuitane dzina, mumuuze akwere. Njinga ikalemera mudziwe kuti wakwera. Kuyambira pamenepo osacheuka mpaka pakhomo pano, ndipo mtsinje uliwonse muzimuuza kuti tikuwoloka."

"Nanga pamene anafera ndikapadziwa bwanji?"

"Kumuthamangitsa munadziwa. Khomo munatseka ndinu, ine sindingalitsegule."

M'mawa mwake Khoviwa anatulutsa njinga yakuda ija nathira mafuta m'tcheni. Anatenga lona, ndodo ziwiri zansungwi zoimikira kamsasa, bulangete, kampoto, ufa, chigubu cha madzi, pampu, zigamba ndi sipanala. Zonsezo anazimangirira ndi mphira kutsogolo ndi pakati pa njinga, chifukwa kumbuyo kunali kwa mwini wake. Pakaliyala Felista anapindapo chitenje chake chofiira kuti wokwerayo asamve zitsulo.

Anadutsa pa Muloza, nalowa Milanje, nalunjika njira ya ku Mokuba. Anyamata akabaza ankamuseka m'njira monse. "Madala, katundu yense kutsogolo, kumbuyoko mwasungira ndani? Apongozi?" Masiku ena akanawayankha mawu oti akagone nawo, koma ulendo uno ankangopalasa. Dzuwa likapendeka ankapatuka, n'kukhoma kamsasa kake kuseri kwa tchalitchi kapena pansi pa mtengo wa mango. Ankaphika, kudya, kutsuka kampoto, zonse mwakachetechete. Munthu amene moyo wake wonse anali pakati pa phokoso la msika anayamba kumva kutafuna kwake komwe, ndipo zinamuchititsa manyazi ngati akudya pamaliro.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, atadutsa Kelimane, anafika ku Zalala n'kuiona nyanja ija. Madzi opanda tsidya, obangula popanda wowaputa. Analawako pang'ono n'kulavula. Ndiye mwana wanga wakhala m'zimenezi zaka zonsezi, anaganiza. Anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati pali womumva, kenako anaitana motsitsa, ngati munthu wofunsa njira.

"Lusiyano. Tiye."

Anakwera, napalasa pang'ono. Njinga inali yopepuka ngati kale.

Kuchokera pamenepo anatsata gombe cha kumpoto. Msewu weniweni kulibe kumeneko, ndi tinjira tamchenga todutsa m'minda ya kokonati, kwina matope, kwina tchire. Nthawi zambiri nyanja sankaiona, ankangoimva kudzanja lamanja. Madzulo aliwonse ankatsikira kumadzi kukaitana, n'kubwerera kukagona m'mitengo pafupi ndi midzi. Malo ena ankapeza madzi ali pafupi, malo ena ali kutali. Popeza sanagonepo malo amodzi kawiri, ankangoti ndi mmene dzikolo analiumbira. Sanafunse munthu. Khoviwa sanali munthu wofunsa.

Usiku wachiwiri wa m'gombemo belu linalira kamodzi. Ngiri. Anasuzumira panja ndi tochi. Njinga inali pamtengo pomwe anaisiya, mphepo kunalibe. Anati mwina ndi buluzi, ngakhale kuti pa zaka zake zonse anali asanaonepo buluzi woimba belu.

M'mawa mwake sipanala inasowa. Anakhutula thumba lonse, anafukula mchenga ndi manja, osaipeza. Masana, ataima kuti amwe madzi, anaona kanthu katatukula chitenje cha pakaliyala. Inali sipanala ija. Ndipo chishalo, chimene chinkagwedera kuyambira ku Mokuba iye n'kumangoti ndikonza mawa, chinali chitamangidwa zolimba. Anayesa kuchigwedeza, osatheka. Koma chinali chitakwezedwa pang'ono, msinkhu wa munthu wamiyendo yaitali kuposa iye.

Sanachitsitse. Anapalasa choncho tsiku lonse, zala za kumapazi zikungofikira pa zopondera.

Tsiku lotsatira anaona mkukuluzi wa tayala m'kanjira, patsogolo pake. Tayala lake lakumbuyo linali ndi chigamba chimene anachisoka yekha ndi ulusi wa nsapato, ndipo chinkasiya kachizindikiro ngati phazi la nkhuku. Mkukuluzi wa patsogolowo unali ndi phazi la nkhuku lomwelo, pa mtunda womwewo. Anautsatira mpaka unakathera pamtsinje waukulu wa ku Makuze, pamene anthu amawoloka pa bwato.

Mwini bwato anali mkulu wina wa diso limodzi. Chilankhulo chake chinkayandikira Chilomwe chimene Khoviwa anachisiya ku ubwana, ndiye ankamvana movutikira. Anakweza njinga, Khoviwa nakhala pansi, koma mkuluyo sanakankhe bwato. Anangogwira nkhafi, akuyang'ana kumtunda.

"Tiyeni, akulu," anatero Khoviwa.

"Mnzanuyo sakwera?"

"Ndili ndekha."

"Mnyamata wamtali uja? Amene amabwera pambuyo panu?" Mkuluyo anayang'ananso, kenako anayang'ana chitenje cha pakaliyala. Nkhope yake inasintha. Anakankha bwato, ndipo mpaka tsidya lina sanamuyang'anenso Khoviwa kumaso.

Khoviwa anacheuka, popeza nthawi imeneyo kucheuka kunali kololedwa. Pagombe panali ana awiri ndi mbuzi basi. Mantha anali nawo, inde, koma chimene chinamupweteka chinali china. Mwana wake anali pompo, akuyenda wapansi m'mbuyo mwake, malo ake pakaliyala ali chikhalire, ndipo sankafuna kukwera.

Tsidya linalo midzi inayamba kutalikirana. Masiku awiri sanalankhule ndi munthu. Tsiku lachitatu kanjira kanalowa m'tchire la minga ndi udzudzu, chubu chinaphulika kawiri, madzi m'chigubu anatsala a pansi. Dzuwa linalowa asanapeze pogona. Mwezi unali wathunthu, ndiye anapitiriza kukankha njinga mpaka usiku ndithu, udzudzu ukumuimbira m'makutu. Mwadzidzidzi tchire linatha, ndipo anatulukira pabwalo lalikulu lamchenga.

Sanaonepo malo okongola chotero. Mchenga wosalala ngati pansi pozira kumene, wolimba, wopanda chitsotso, wopanda phazi la munthu. Nyanja inali kutali kwambiri, kamzere koyera chabe, phokoso lake ngati la galimoto yodutsa kuseri kwa phiri. Kamphepo kanali kuthamangitsa udzudzu. Aliyense wobadwira kumeneko akanadziwa chifukwa chake malowo anali osesedwa choncho. Khoviwa anangoti Mulungu wandikumbukira. Anayenda mtunda ndithu kuchoka kumitengo, nakhoma kamsasa pakati penipeni. Mchenga unali wonyowa, iye anati ndi mame.

Mtengo panalibe, ndipo thupi lonse linali litaphwanyika. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Khoviwa anagoneka njinga pamchenga.

Asanalowe m'kamsasa anaima n'kuyang'ana kumadzi. Kutopa kunamusandukira mkwiyo, monga zimakhalira ndi anthu a mtundu wake.

"Lusiyano!" anakuwa. "Ndabwera kuchokera ku Limbuli pa msinkhu wanga uno! Mayi ako akutha! Ukufuna ndichitenso chiyani? Kwera tizipita!"

Palibe chinayankha. Analowa, nadziphimba bulangete, ndipo tulo tinamutenga ngati wakufa.

Chimene chinayamba kumudzutsa chinali kukwekwesa pa lona. Tinkhanu, tambirimbiri, tikuyenda tonse mbali imodzi, kulowera kumtunda. Kenako anazindikira kuti nyanja yasintha mawu. Siinkabangulanso kutali, inkanong'ona. Shii, kenako chete. Shii, kenako chete. Anatembenuka kuti agonenso.

Ngiri.

Belu linalira pafupi ndi mutu wake penipeni. Kenako anamva kaphokoso kamene ankakadziwa kuposa mawu a mkazi wake, ka njinga ikamakankhidwa, tche-tche-tche, kakupita kutali.

Anakwawa n'kutuluka. Mwezi unali utapendekera kumadzulo. Njinga yake inali chiimire, ikuyenda kulowera kumitengo, chitenje chili pakaliyala. Pambali pake panali chinthu chotalika ngati munthu, chowerama pang'ono monga amachitira wokankha njinga pamchenga. Mwezi unkawala pa mahandulo, pa masipoko, pa mchenga, koma pa chinthucho sunkawala.

Mukuganiza kuti anagwada n'kupemphera? Ayi ndithu. Munthu ukadzidzimutsidwa m'tulo umatulutsa chimene uli nacho. Khoviwa anathamanga wopanda nsapato akukuwa.

"Wakuba iwe! Bweza njinga yanga!"

Mawuwo atangotuluka anawazindikira. Anapunthwa, koma sanaime. Njinga inkapita patsogolo pake, osafulumira, osachedwa, mtunda wake womwewo. Akatopa n'kuchepetsa, belu linkalira. Akathamanga, linkakhala chete. Pena anaponda m'madzi ofika m'akakolo, pamene pobwera panalibe madzi, koma analibe nthawi yodabwa. Anakwera chitunda cha mchenga wofewa chokwawa.

Njinga anaipeza itayedzamira mtengo wa kokonati. Kugombe kumeneko kulibe miyala. Tayala lakumbuyo linali litatchingidwa ndi chigoba cha kokonati. Anagwira mahandulo, ndipo anali onyowa, ozizira.

Apo m'pamene anatembenuka. Bwalo lija kunalibe. Madzi anali atazungulira kale kumbuyo kwa kamsasa, kamsasako katatsala kokha pakati ngati chulu m'dambo. Akuyang'ana choncho, funde linabwera mosafulumira, linanyamula lona, ndodo, bulangete ndi kampoto, n'kupita nazo. Lachiwiri linafafaniza mapazi ake.

Anakhala pansi pa mtengowo mpaka kunacha, atagwira sipoko imodzi ngati mwana wogwira chala cha mayi ake.

Dzuwa litakwera, madzi atayambanso kubwerera, kunatulukira mayi wina wachikulire ndi dengu lotolera nkhono. Anayesa chilankhulo chake, kenako atamva kayankhidwe ka mlendoyo anasintha.

"Ndinu a ku Malawi? Ine ndinakwatiwako ku Mulanje, kuminda ya tiyi, amuna anga asanamwalire. Nanga nsapato zili kuti, bambo?"

Khoviwa analoza kumene kunali kamsasa. Mayiyo anaika dengu pansi n'kugwira pakamwa.

"Pamenepo? Mayo ine! Pamenepo sagona munthu. Nyanja iyi imachoka n'kubwera, kawiri pa tsiku. Kuno ngakhale mwana woyamwa amadziwa. Osadziwa ndinu a kumtunda, ndipo simufunsa." Anapukusa mutu. "Ndinu wachiwiri. Woyamba sanadzuke."

"Woyamba uti, mayi?"

"Mnyamata wa kwanu komweko, papita zaka. Wamtali, waulemu wake. Anagula nsomba kumudzi kwathu, tinamuuza agone konko, anati akufulumira. Anati akufuna akafike kwawo msanga, akabweze njinga ya bambo ake." Mayiyo anayang'ana mtengo uja. "Njingayo tinaipeza pano, pamtengo womwewu, ataiimika bwinobwino. Iye anakagona kumchenga kuthawa udzudzu. Akanagona pamene anasiya njingayo bwenzi ali moyo. Tinadabwa tonse, munthu kusamala chitsulo chotere. Kaya anamuphunzitsa ndani."

Amati mwamuna salira. Khoviwa analira ngati mwana wotayika pamsika, mamina ndi misozi pamodzi. Mayiyo anayang'ana njinga yakuda ija, nayang'ana chitenje. Anamusiyira zinangwa ziwiri zowotcha ndi madzi a m'botolo lake, natsikira kunyanja mwakachetechete.

Khoviwa anapukuta kumaso. Anachotsa chigoba chija, natembenuza njinga kuti iyang'ane kumtunda, naiyika pakati pa miyendo yake. Nyanja inali kumbuyo kwake. Mawu anamuvuta, chifukwa mawu otere anali asanawalankhulepo kwa munthu aliyense.

"Lusiyano, mwana wanga. Ndi ine, bambo ako. Si iwe wakuba. Ndinalakwa ine, pepa. Khomo lija ndi lako, njinga ino ndi yako. Sindikukukakamiza. Ngati ukufuna, kwera. Ndikupalasira ndine."

Anadikira. Khwangwala analira kwinakwake m'mitengo. Anadikirabe mpaka thukuta linayamba kutsika m'khosi, ndipo mumtima anayamba kukonza mawu okamuuza Felista.

Kenako kaliyala analira, kwii. Tayala lakumbuyo linamira mumchenga. Zinthu ziwiri zozizira zinagwira malaya ake m'chiuno, uku ndi uku, malo omwe Lusiyano ankagwira ali wamng'ono popita ku tchalitchi.

Khosi linafuna kutembenuka lokha. Khoviwa analuma mlomo, nayang'ana kutsogolo.

"Gwiritsa," anatero. "Tikupita."

Ulendo wobwerera unatenga masiku khumi ndi awiri. Analibe lona, analibe poto, analibe nsapato. Ankagona m'makonde mwa anthu, nkhope atalozetsa kumene akupita, ndipo asanagone ankati tsika tipume, m'mawa n'kuti kwera. Mwini bwato wa ku Makuze anawawolotsa, ndipo ulendo uno sanadikire munthu. Pa mtsinje uliwonse, ngakhale kakhwawa kouma, Khoviwa ankanena mokweza, "Tikuwoloka." Pakati pa mitsinjeyo ankangolankhula. Anamuuza za amene anakwatira, za amene anamwalira, za mtengo wa mapeyala umene unagwa ndi mphepo. Anthu a m'njira ankati mkuluyu mutu wasokonekera. M'zitunda za kupitirira Mokuba njinga inkalemera mpaka maondo kunjenjemera, koma sanatsike kuti akankhe, ndipo sanadandaule. Dzuwa linkawotcha, malaya ankauma paliponse, kupatula malo awiri a m'chiuno aja.

Anafika ku Limbuli masana, nkhuku zili pamthunzi. Njinga inagunda kadzenje ka pachipata, belu n'kulira lokha. Felista anatuluka atagwira khoma. Mwamuna wake sanamuyang'ane n'komwe. Maso ake anapita kumbuyo, pakaliyala, ndipo nkhope yake inachita chinthu chimene Khoviwa anali asanachione zaka zisanu ndi ziwiri.

"Tsika, mwana wanga," anatero. "Wafika."

Njinga inapepuka mwadzidzidzi mpaka Khoviwa anadzandira. M'chiuno munangotsala kamphepo. Felista anakankha chitseko n'kuchigwira chotsegula, ataima pambali, nthawi yokwanira munthu wamtali kuwerama n'kulowa.

Khoviwa anatsika. Anayedzamitsa njinga pamtengo, natchinga tayala ndi mwala, ndipo pamenepo m'pamene anayang'ana pakaliyala. Chitenje chinali chonyowa, chodzaza mchenga woyera. Anaima pabwalo ndi mapazi ake ong'ambika, manja ali lende, osadziwa ngati m'nyumbamo muli malo ake.

Felista anasuzumira pakhomo.

"Nanga inu mwaimiranji pamenepo? Lowani, mukumuchedwetsa mwana. Mukudziwa kuti sayamba kudya bambo ake asanasambe m'manja."